Kodi aiwala, kapena sanauzidwepo?

Wowerenga wina wanditumizira imelo. Akufuna kufunsa anthu akuluakulu za makolo awo: chaka chobadwa, kumene anabadwira, sukulu analekeza pati. Ndiye akuti, adziwa bwanji kuti munthu akukumbukira zoona?

Anzanga, choyamba dziwani kuti munthu safuna kunena kuti "sindikudziwa" pa nkhani ya mayi ake. N'zochititsa manyazi. Amangoponya yankho, nkhope ili gwa. Ine ndinadziyesa ndekha: ndinalemba chaka chimene bambo anga anabadwa, kenako n'kuwaimbira foni. Ndinaphonya ndi zaka zitatu, chonsecho polemba sindinakayike n'komwe. Choncho pa pepala lanu ikanipo malo a "sindikudziwa", ndipo muziwatchula mokweza kuti munthu amasuke.

Akatswiri a kalembera amalidziwa kalekale khalidweli. Anthu akamangoyerekeza zaka, mayankho amaunjikana pa manambala othera ndi 0 kapena 5. Muyeso wa Whipple, womwe umayeza kuunjikana kotereku, umayang'ana zaka 23 mpaka 62: ukatuluka 100 ndiye kuti palibe kuunjikana, ukafika 500 ndiye kuti aliyense watchula nambala yotero. Mukaona ambiri akuti mayi awo ali ndi zaka 60, 65 kapena 70, dziwani kuti akungopenekera.

Mawu akuti "mayi" nawonso muwasamale. William Brass, katswiri wa chiwerengero cha anthu, ankagwiritsa ntchito funso lakuti "kodi mayi anu ali moyo?" poyerekeza imfa za akuluakulu, koma zinapezeka kuti ena amene anasiyidwa ali khanda amayankha za amene anawalera. Nenani kuti "mayi okuberekani".

Koma chimene chikundivuta kwambiri ndi mawu anu akuti "kukumbukira". Tsiku limene bambo ako anabadwa iwe kunalibe. Ungaiwale bwanji chimene sunauzidwepo? Marshall Duke ndi Robyn Fivush a pa yunivesite ya Emory ku America anakonza mafunso 20 ofunsa ana, monga lakuti kodi akudziwa kumene makolo awo anakumana. Anasankha dala zinthu zimene mwana sakanaona ndi maso ake, zongomva basi. Kwenikweni ankayeza ngati pabanjapo amakambirana.

Inunso pa yankho lililonse funsaninso kuti, "Munamva kwa ndani?" Ndipo ngati khololo lili moyo, pemphani chilolezo mukalifunse lokha, mwanayo palibe, chifukwa akakhala limodzi amayamba kukonzerana mayankho.