Liwu la Chiheberi lakuti "nega": mliri, nthenda kapena bala?

Mayi wina amene amatsogolera maphunziro a Baibulo kumpingo kwawo wanditumizira imelo yofunsa ngati liwu lakuti "mliri" la pa Salimo 91:10 ndi lomwe lija la miliri ya ku Igupto, ndiponso ngati limatanthauza kuti aliyense wodwala wakanthidwa ndi Mulungu chifukwa cha tchimo. Mayi, mwafunsa bwino, chifukwa pamene Chichewa chili ndi liwu limodzi, Chiheberi chili ndi mawu angapo.

Liwu la pa vesi limenelo ndi nega, ndipo limachokera ku mneni naga, kutanthauza kukhudza. Mneni yemweyu ndi amene Hava anagwiritsa ntchito pa Genesis 3:3 ponena za kusakhudza chipatso, ndiponso ali pa Yesaya 6:7 pamene khala lamoto linakhudza milomo ya mneneri. Koma kukhudzako kumatha kukhala kwamphamvu, monga zinachitikira Yakobo pamene anakhudzidwa m'chiuno nayamba kutsimphina. Motero nega ndi nkhonya yofika pathupi, kapena chizindikiro chimene yasiya. Ifenso timati munthu wagwidwa ndi malungo, ngati kuti nthendayo ili ndi manja, ndipo maganizo a Aheberi sali kutali ndi pamenepo.

Nthenda yofalikira imene ife timaitcha mliri ili ndi dzina lake, dever, limene lili pa vesi 3 ndi 6 mu Salimo lomwelo, komanso pa Eksodo 9:3 ponena za imfa ya ziweto. Palinso maggefah, lochokera ku mneni wotanthauza kukantha. M'nkhani yonse ya miliri ya ku Igupto, nega limapezeka kamodzi kokha, pa Eksodo 11:1, pamene Mulungu akuuza Mose kuti kwatsala kukantha kumodzi, ndiko kufa kwa ana oyamba kubadwa.

Kwawo kwenikweni kwa liwuli ndi Levitiko 13 ndi 14. Mwa malo 78 amene limapezeka m'Chipangano Chakale, oposa theka ali m'machaputala awiriwa, ndipo kumeneko limanena za banga la pakhungu limene wansembe ankaliyang'ana ngati lalowa mkati, ngati ubweya wake wasanduka woyera, kapena ngati lakula patatha masiku asanu ndi awiri munthuyo atapatulidwa. Banga lomwelo linkapezekanso pachovala ndi pakhoma la nyumba, ndipo zimenezi zokha zikutisonyeza kuti silinali khate limene madokotala amachiza lero, chifukwa khoma siligwidwa khate. Arabi, aphunzitsi a Chiyuda, analisamala liwuli kwambiri moti m'Mishnah, buku lawo lakale la malamulo, muli gawo lathunthu lotchedwa Negaim.

Tsono pa funso lanu lachiwiri, sindikana kuti nthawi zina nega ndi chilango. Farao anakanthidwa chifukwa cha Sarai pa Genesis 12:17, ndipo mfumu Azariya anakanthidwa ndi nthenda ya pakhungu pa 2 Mafumu 15:5. Koma liwulo palokha silinena amene wakantha kapena chifukwa chake. Pa Deuteronomo 17:8 limatanthauza bala la pa ndewu ya anthu, mlandu wopita nawo kwa oweruza. M'chaputala 13 cha Levitiko wansembe safunsa wodwalayo zimene analakwa. Amangoyang'ana banga n'kunena ngati munthuyo ali woyera kapena wodetsedwa. Zimandipweteka mtima ndikamva mlaliki akuloza wodwala ndi mavesi amenewa ngati kuti wagamula kale mlandu wake.

Mukamakonzekera phunziro lanu, muwerengenso Yobu 19:21, pamene munthu amene Mulungu mwiniyo anamutcha wolungama akupempha chifundo kwa anzake chifukwa dzanja la Mulungu lamukhudza, mneni wake ali naga yemwe uja. Kenako mupite pa Yesaya 53. Pa vesi 4 anthu akuvomereza kuti ankamuyesa Mtumiki wa Ambuye wokanthidwa ndi Mulungu, m'Chiheberi nagua, liwu lochokera ku mneni yemweyo, ndipo pa vesi 8 nega likubweranso, koma kulakwa kumene kunadzetsa nkhonyayo kunali kwa anthu ena.