Za dzina loti Java pa zitenje ndi nsalu ya batik mukufunsayo

Achemwali mwafunsa kuti dzina loti Java pa zitenje linachokera kuti, komanso ngati nsalu ya batik yomwe mnzanu wabwera nayo kuchokera ku Indonesia ndi yoyeneradi mtengo akutchulawo kapena akungofuna kukudyerani. Ndiyankheko poti ine ndinakhalako ku Yogyakarta, mzinda wa ku Indonesia komweko, miyezi ingapo ndili pa maphunziro ndipo ndinaona ndi maso angawa mmene amapangira.

Java ndi chilumba cha ku Indonesia, ndi komwe kuli mzinda wa Jakarta, ndipo batik kwawo kwenikweni ndi kumeneko. Tsono batik yeniyeniyo amati batik tulis, kutanthauza yolembedwa pamanja. Mzimayi amakhala pa kampando kakafupi, nsalu yoyera atayikoloweka pa kathandala patsogolo pake, pambali pali kambaula ndi kachiwaya momwe mukusungunuka phula. M'manja ali ndi kachida kotchedwa canting, kakapu kamkuwa kakang'onong'ono kokhala ndi kamlomo kowonda ngati singano, chogwirira chake cha nsungwi. Amatunga phula lotenthalo, kuuzira kaye pakamlomopo kuti pasatsekeke, kenako kulemba kadontho ndi kadontho, mzere ndi mzere, ndipo mayi amene ndinkakonda kukhala pafupi nawo zala zawo zinali ndi zipsera za phula koma dzanja osanjenjemera ngakhale pang'ono. Pomwe papita phula utoto sulowa. Ndiye amaviika nsaluyo mu utoto, kuiwiritsa m'madzi kuti phula lichoke, kupakanso phula pena, kuviikanso mu mtundu wina, choncho choncho, ndipo nsalu imodzi yamamita awiri ndi theka ikakhala ya maluwa othinana imatha kutenga miyezi. Ine ndinayesa ka mpango chabe, phula linangodonthera paliponse.

Komanso madizayiniwo si ongokongoletsa ayi. Parang, ya mizere yopendekeka ija, kale ku Yogyakarta ndi ku Solo, mizinda ya pa Java pomwepo, ankavala a banja lachifumu okha basi. Pa ukwati akwati amavala sidomukti, makolo awo truntum ya timaluwa tokhala ngati nyenyezi. Ku Cirebon ali ndi mega mendung ya mitambo, ku Pekalongan kugombe amakonda mitundu yowala chifukwa kunkafika amalonda achi China, Aluya ndi azungu, pomwe ya ku Solo imakhala yabulawuni wa makungwa a mitengo amene amati soga. UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaika batik pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe pa 2 October 2009 ndipo tsiku limeneli ku Indonesia amalikumbukira chaka chilichonse, Lachisanu anthu ambiri amavala batik popita ku ofesi. Mashati aja ankakonda Mandela, ambiri anali a batik.

Tsono za zitenje zathu. Indonesia ankailamulira ndi a Dutch, iwowo ataona msika anayamba kukopera batik ndi makina kwawo ku Netherlands, monga fakitale ya ku Helmond yomwe inayamba mu 1846, lero ndi kampani ya zitenje yotchedwa Vlisco. Anthu a ku Java sanazikonde kwenikweni poti pamakina phula linkasweka utoto nkumalowa m'ming'alu, kwa iwo imeneyo inali nsalu yolakwika, koma zitafika ku Gold Coast komwe pano ndi Ghana chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 azimayi kumeneko anakonda timing'alu tomweto, malonda nkuyaka. Madizayini anasintha kutsata zokonda za ku Africa kuno koma dzina la Java linakanirira mpaka kufika m'misika mwathu muno.

Ndiye musanapereke ndalama iyang'aneni bwino nsaluyo chifukwa ngakhale ku Indonesia komweko zodinda pamakina zadzadza ndipo ndi zotchipa zedi. Itembenuzeni, yamakina kuseri imakhala yotuwa pomwe yeniyeni utoto umalowerera mbali zonse. Inunkhizeni, kafungo ka phula kamatsalira. Onaninso maluwawo, akakhala ofanana ndendende mobwerezabwereza ndiye kuti mwina ndi batik cap, yomwe amadinda phula ndi chidindo chamkuwa, imeneyonso ndi ntchito yamanja koma mtengo wake umatsikirapo. Ya tulis timadontho sitifanana, pena mzere wanenepa pena wawonda pomwe phula linayamba kuzizira. Ikakhala yotereyi ine sindinganenerere kwambiri, ndimakumbukira mayi aja atawerama tsiku lonse pa utsi wa phula.

Mukagula musaichape ndi sopo waufa kapena kuikhutiza pamwala chonde. Eni ake amachapira zipatso za mtengo wotchedwa lerak, kuno shampu pang'ono m'madzi ozizira ikwana, ndipo yanikani pamthunzi.