Nsalu ya kumsana kwa sandipepa wa makina

Achimwene, mwandifunsa mmene ndimasankhira sandipepa wa makina ndikawoloka malire kukapikula, komanso chifukwa chake amisiri sandibwezera katundu. Yankho langa lili kumsana kwa chimbale cha sandipepa, kumene oyamba kumene malondawa sayang'anako chifukwa maso awo amathera pa mchenga ndi nambala yake.

Chimbale chimagwira pa makina m'njira imene ambiri amaitcha Velcro, yomwe anaitulukira George de Mestral wa ku Switzerland. Timbedza ting'onoting'ono timakhala pa padi ya makina (mbale yozungulira imene chimbale chimamatidwapo), pamene kumsana kwa sandipepa amamatako nsalu yaubweya, ya nailoni kapena poliyesitala, kuti timbedzato tizikola. Nsalu imeneyi siyenera kukhala yofanana pa manambala onse, ndipo wogulitsa amene akukuuzani kuti zonse n'chimodzimodzi sanagwirepo makinawo.

Manambala aang'ono monga P40, P60 ndi P80 ali ndi mchenga waukulu umene umaluma thabwa mwamphamvu, choncho chimbale chimakokedwa kwambiri ndipo chimatentha msanga. Pamenepa pamafunika nsalu yokhuthala, ya ubweya wothithikana, yomatidwa pa pepala lolemera kapena pa nsalu yolimba ya chizindikiro cha X. Ndinaphunzira zimenezi movutikira. Ulendo wina ndinapikula katoni yonse ya P60 wa nsalu yopyapyala chifukwa mchenga wake unkaoneka bwino, ndipo patangotha sabata kalipentala wina anandibweretsera padi yake, timbedza tonse titasungunuka mpaka kusalala ngati chikhatho. Chimbale chinali chitauluka pakati pa ntchito, padi n'kukhula thabwa yokha. Ndinamulipira padiyo, ndipo katoniyo inadya mpamba wanga wa ulendo wonse.

Manambala aakulu, kuyambira P320 kupita mtsogolo, amafuna zosiyana. Njere imodzi ya P400 ndi pafupifupi mamaikuloni 35 (mamaikuloni 1,000 amapanga milimita imodzi), pamene ya P80 ndi pafupifupi 200, kotero kabampu kalikonse ka kumsana kamaonekera pa ntchito. Amisiri okonza matupi a magalimoto amafuna nsalu yopyapyala, yosalala mofanana ponseponse, chifukwa ubweya waminuminu umasiya timizere tozungulira timene timatulukira penti ikauma. Manambala apakati, P120 mpaka P240, savuta kwenikweni, ndipo ndiwo amene amayenda malonda kwambiri kwa ine.

M'chikwama changa simusowa mapadi awiri, ya mamilimita 125 ndi ya 150. Ndikafika kwa wogulitsa ndimatenga chimbale chimodzi pa nambala iliyonse, ndimachimata pa padi, n'kuchikankha cham'mbali ndi chala chachikulu kuti ndione ngati chikusuntha. Kenako ndimachimatula n'kuchimatanso kangapo. Ubweya ukamatsalira pa timbedza, katunduyo ndimamusiya ngakhale atanditsitsira mtengo motani. Ndimakandanso m'mphepete ndi chikhadabo kuti ndione ngati guluu wagwira nsalu ndi pepala, ndipo ndimayang'ana ngati mabowo otulukira fumbi akugwirizana ndi a padi, poti mabowo akaphonyana fumbi limadzaza mu ubweya ndipo chimbale chimasiya kugwira. Onetsetsaninso ngati nambala ili ndi P kutsogolo, chifukwa manambala a ku America amawerengedwa mosiyana, moti P800 amafanana pafupifupi ndi 400 wa kumeneko.

Panjira mdani wamkulu ndi chinyezi, chimene chimapinda zimbale n'kufooketsa guluu. Ndimakulunga mabokosi m'pulasitiki, ndimawagoneka chafulati, ndipo sindilola kuti pamwamba pake pasanjikidwe katundu wolemera amene angaphwanye ubweya. Risiti ya wogulitsa ndimapempha kuti ilembedwe nambala iliyonse ndi chiwerengero cha zimbale zake, kuti a msonkho pamalire akafunsa ndisachite kumasula makatoni onse pafumbi.