Mwana waloweza manambala a pi, bambo akuti apite ku clinical medicine

Amayi ena a ku Kapata andilembera ali ndi nkhawa. Akuti mnyamata wawo wa Giredi 11 wagwidwa ndi nambala ija ya pi, ya m'masamu a zinthu zozungulira yomwe imayamba ndi 3.14, madzulo aliwonse ali pa foni kukopera manambala mu kope, waloweza kale 300 ndipo masamba ena wawadzaza mizere yofiira pomwe akuti wapeza zobisika. Akulota zolowa mu Guinness, buku la anthu oposa onse padziko. Bambo ake akuti imeneyo ndi misala, asiye, akamaliza sukulu akachite clinical medicine basi nkhani yatha. Masamu temu yathayi anapeza 55%. Amayiwo akufunsa ngati mwanayu ali ndi nzeru zapadera kapena mutu wayamba kusokonezeka.

Amayi, mtima pansi, mwana wanu sakudwala. Makalata otere amabwera kawirikawiri, kungoti kwina ndi chess kwina ndi coding ya pa YouTube, koma nkhani imakhala yomweyo, atate akufuna yunifolomu ya kuchipatala, mwana akuthamangira chinthu chomwe sakudziwa komwe chikumupititsa, ndipo masamu a ECZ, bungwe la mayeso a boma, omwe onse awiri akuwafuna palibe akuwasamala.

Ndiyambe ndi iwe mnyamata poti ndikudziwa amayi akupatsa foni uwerenge. Za Guinness iwala. Mu 2015 Rajveer Meena wa ku India ananena pamtima manambala 70,000 atamangidwa nsalu kumaso, zinamutengera pafupifupi maola 10, iwe uli pa 300. Ngakhale utamupitirira palibe yunivesite idzakutenge chifukwa cha zimenezo, a HELSB sapereka loni kwa munthu chifukwa choloweza, ndipo pepala la ECZ limakuuziratu kuti tenga pi ngati 3.142. Makompyuta anatisiya kalekale, mu 2022 Emma Haruka Iwao wa ku Google anafika pa manambala 100 thiriliyoni. A NASA omwe amatumiza zombo ku Mars amagwiritsa ntchito 15 okha pambuyo pa poyinti ndipo zombozo zimafika. Ndiye maola ako amadzulo ukuwataya, ndipo 55% ija ikuchitira umboni.

Koma mizere yofiira ija usaifafanize, imeneyo ndiyo yandichititsa kuyankha kalatayi mosathamanga. Ndikhoza kulosera zina zomwe walemba. Ziro woyamba amachedwa, amatulukira pa malo a 32. Ndiye pali chija chimadabwitsa aliyense, kuyambira pa malo a 762 pali ma 9 asanu ndi mmodzi ondondozana, 999999, ena amapatchula Feynman point. Munthu ukaona zimenezi thupi limachita tsembwe, ndi zoona. Koma wamasamu sathera pa kudabwa, amatenga pensulo nkuwerengera. Tiyerekeze kuti manambalawa amangogwa mwachisawawa. Mwayi woti 999999 ayambire pa malo amodzi omwe wasankha ndi 1 pa 1,000,000. Malo oti ayambirepo alipo 762, ndiye mwayi wakwera kufika pafupifupi 1 pa 1,300. Tsono dzifunse moona mtima, akanakhala 777777 kapena 333333 sukanalemba mzere wofiira? Ukanalemba. Manambala alipo khumi, mwayi wafika pafupifupi 1 pa 130. Onjezapo 123456, onjezapo tsiku lako lobadwa, nambala ya foni ya amayi, chilichonse chomwe diso lako likanachikondwera, upeza kuti kukumana ndi chinachake chodabwitsa mu manambala chikwi si chozizwitsa ngati momwe zimaonekera poyamba. Kuwerengera kumeneku, kwa mizere inayi chabe, kuli ndi masamu ambiri kuposa manambala 300 ali m'mutu mwakowo.

Pali nkhani ina yomwe ndimafuna mwana aliyense wokonda pi aidziwe. William Shanks wa ku England anathera zaka zambiri akuwerengera pi pamanja, pofika 1873 anali ndi manambala 707. Katswiri wina, Augustus De Morgan, atayang'ana manambala omwe Shanks anali atatulutsa kale chisanafike chakacho anaona kuti 7 akupezeka mochepa modabwitsa poyerekeza ndi anzake, anthu nkumaganiza kuti pi ili ndi khalidwe lake lobisika. Mzaka za m'ma 1940 D. F. Ferguson anawerengeranso ndi makina nkupeza kuti Shanks analakwitsa pa malo a 528, zonse zotsatira zinali zolakwika. Atakonza, ma 7 anabwerera mwakale. Chinsinsi chija chinali cholakwa cha munthu wotopa. Ndipo taona, chomwe chinanunkhiza kuti pali vuto sikunali kuloweza, kunali kuwerenga kuti nambala iliyonse yapezeka kangati.

Zomwe zinatsimikizidwa ndi izi, Johann Lambert anaonetsa mu 1761 kuti pi singalembedwe ngati fulakishoni, kutanthauza kuti manambala ake satha ndipo sazungulira kubwereza gulu limodzi mpaka kalekale. Ndiye 22/7 ya kupulayimale ija ndi yoyandikira chabe, imapatuka kale pa nambala yachitatu pambuyo pa poyinti. Koma zoti nambala iliyonse kuyambira 0 mpaka 9 imapezeka mofanana mpaka muyaya palibe munthu padziko wazitsimikiza kufikira lero, ngakhale makompyuta akuonetsa ngati zili choncho.

Tsopano amayi mvetserani apa chifukwa ndi pomwe pali ntchito. Funso lomwe mwana wanu akulimbana nalo osadziwa, loti kodi ichi ndi chenicheni kapena changochitika, ndi funso la statistics ndipo anthu amalandira malipiro chifukwa choliyankha. Konkuno ku Msekera, kumalo ofufuzira zaulimi, akayesa mbewu yatsopano ya mtedza nkubereka kuposa yakale, pamafunika munthu woti anene ngati ndi mbewuyo kapena ndi mvula ya chaka chimenecho kapena munda womwe inagwera unali wachonde kale. Ku ZamStats omwe anachita kalembera wa 2022, ku mabanki, ku ma inshuwalansi, ngakhale ku zaumoyo komwe atate akufunako, mankhwala atsopano asanavomerezedwe funso ndi lomweli. UNZA ili ndi dipatimenti ya Mathematics and Statistics, CBU ku Kitwe nayo ili ndi sukulu ya masamu ndi sayansi. Uphunzitsi wa masamu nawo si njira yonyozeka, ndimatopa ndi makolo omwe amauona ngati kothawira olephera.

Kwa atate ndinena mosabisa. Clinical medicine ndi ntchito yabwino koma simunamufunse mwanayu ngati amatha kuyang'ana bala osatembenuka, mwangosankha chifukwa mwana wa aneba anapita kumeneko. Kumbukirani 2022 boma litalemba ntchito azaumoyo oposa 11,000, ofunsira anachuluka kutalitali kuposa malowo, ambiri ali ndi mapepala m'nyumba. Ndiye musamauze mwana kuti kumeneko ntchito ndi yosapeneka. Komanso kumutchula wamisala chifukwa wakonda manambala, pomwe anzake ena akuthera ndalama pa kubetcha mpira pa foni, zimenezo ine sindigwirizana nazo ngakhale pang'ono. Ndipo njira zonse ziwirizi zimadutsa pa khomo limodzi, masamu ndi sayansi za Giredi 12, ndiye mukukanganirana chiyani panopa?

Sindinena kuti mwanayu ndi katswiri, 55% sindilola. Amene akufuna masamu ku yunivesite azilimbana kuti apeze giredi 1 kapena 2 pa mayeso a ECZ, ndipo ngati pasukulu pake pali Additional Mathematics afunse aphunzitsi ngati mpata ulipo, alowenso JETS, kalabu ya sayansi ndi masamu ya pasukulu. Kuloweza kuime lero. Nthawi imeneyo ipite ku ma past paper, makamaka probability (masamu a mwayi) ndi statistics poti ndi komwe mtima wake uli kale. Pi ndamusiyira Loweruka lokha, ndipo ndi ntchito iyi, atenge manambala 1,000 oyamba pambuyo pa poyinti awerenge kuti iliyonse yapezeka kangati. Apeza kuti 1 alipo 116 pomwe 0 alipo 93. Andilembere pa tsamba limodzi, ndi mawerengero ake, ngati 116 ndi wochuluka zedi kapena ndi kusiyana komwe tingayembekezere. Akayankha zomveka ndipo temu ikubwerayi adutse 70%, atate akhale naye pansi amve za statistics.