Moto sunalakwe, achemwali

Mayi wina wa ku Zomba wandilembera kuti anaona pa Facebook zoti kuphika kumapha zonse zofunika m'chakudya. Akufunsa ngati ayambe kupatsa ana ake masamba ndi mazira zosaphika.

Achemwali, kalata yanu yandikumbutsa agogo anga a ku Nkhotakota. Ankazula chinangwa chowawa, n'kuchisenda, n'kuchiviika m'madzi masiku angapo mpaka chifewe. Fungo lake linkatichingamira tisanafike n'komwe pakhomo. Kenako ankachiyanika pathandala, kusinja, ndiye tidye kondowole. Tsiku lina mchimwene wanga njala itamukola anatafuna chachiwisi. Madzulo kunali kusanza ndi chizungulire, agogo atamugwira pachipumi mpaka tambala woyamba. Chinangwa chowawa chimakhala ndi poizoni wa cyanide, ndipo kuviika ndi kuyanika kuja n'kumene kumamuchotsa. Mu 1981 ku Nampula, m'dziko la Mozambique, chilala chitavuta anthu anadya chinangwa chosakonzedwa bwino, ndipo oposa 1,000 anapuwala miyendo ndi matenda a konzo. N'chifukwa chake ndimapsa mtima munthu akamalalikira kuti chachiwisi chilichonse ndi mankhwala.

Richard Wrangham, katswiri wa sayansi wa ku yunivesite ya Harvard, anakhala zaka zambiri akuphunzira za achimpanzi, anyani akuluakulu ofanana ndi anthu, ku Kibale, ku Uganda. Iye amati nyama zimenezi zimatha maola pafupifupi 6 patsiku zikungotafuna zakudya zaziwisi. Ife nsima, nyemba ndi nkhwani timamaliza mphindi zochepa. Mu 2009 Wrangham analemba kuti kuphika n'kumene kunasintha thupi la makolo athu akalekale, a mtundu wa Homo erectus, zaka pafupifupi 1.8 miliyoni zapitazo: mano ndi matumbo zinachepa, ubongo unakula. Ubongo ndi kachigawo kakang'ono, 2 peresenti ya kulemera kwa thupi, koma umadya pafupifupi 20 peresenti ya mphamvu zathu. Akatswiri ena amamutsutsa pa zaka, chifukwa phulusa lakale lodalirika, ngati la m'phanga la Wonderwerk ku South Africa, ndi la zaka pafupifupi 1 miliyoni. Atsutsane za zakazo, koma ine sindikayika kuti thupi lathuli linazolowera zapamoto.

Za mazira zija, kafukufuku wa ku Belgium wa 1998 anapeza kuti thupi limatenga pafupifupi 91 peresenti ya mapulotini a dzira lophika, pomwe laliwisi limangotengako 51. Onjezanipo chiopsezo cha tizilombo totsegula m'mimba.

Chimene a pa Facebook anena zoona n'chakuti kutentha kumawononga vitamini C. Koma vuto lili pa kaphikidwe kathu. Timabwatitsa mpiru mpaka usanduke wakuda, tathiramo soda wodzaza supuni, madzi ake n'kutaya kuseri kwa khitchini. Inenso ndinkatero zaka zambiri, poganiza kuti ndiwo zofewa kwambiri ndiye zokoma.

Tsono mutani?

Mazira aphikeni. Nyemba zibwate mpaka zipse bwinobwino. Masamba thirani madzi ochepa, muwaphule akadali obiriwira, msuzi wake ana amwe, soda muchepetse, ndipo kadontho ka mafuta kapena nsinjiro kasasowe. Zaziwisi apatseni mango, magwafa ndi mapapaya otsuka bwino.