Za chilumba cha dzungu chija, msuweni

Eee, msuweni, ndamva uthenga wako. Ndili panjira, ndiye ukamva phokoso ndi sitima. Wafunsa kuti ku Naoshima, chilumba cha ku Japan chija, n'kutali bwanji kuchokera ku Osaka kumene akuntchito akukutumiza kukosi, komanso ngati n'koyenera kutayirako ndalama. Iwe? Woti tsiku lonse umakhalira kuwerengera anthu ndalama zawo, lero ukufunsa ine masamu? Funso lako si limenelo, ndimakudziwa.

Chabwino, ndiyankhe kaye. Ukwera sitima mpaka ku Okayama, kenako ina yaing'ono mpaka padoko la Uno. Pamenepo ukwera sitima ya pamadzi, mphindi 20 wafika ku Miyanoura. Dzungu lofiira, chiboliboli chachikulu chija, lili padoko pomwepo. Lachikasu la madontho akuda lija, la katswiri wa zaluso Yayoi Kusama, lili mbali ina ya chilumba, pakamlatho kolowa m'nyanja, kuyambira 1994. Namondwe analikokolola mu 2021, chaka chotsatira anaikapo lina. Basi, ulendo wake si wovuta.

Koma tadikira. Ukuikumbuka nyumba imene amalume ako, abambo anga aang'ono, anamangira agogo? Nthawi ya nkhani ya munda ija... ayi, zimenezo tisaziyambe pagulu pano. Paja anakaniratu kuika zenera pakhoma la kumsewu. Anaboola pamwamba, pafupi ndi denga, kazenera kakatali kopyapyala koyang'ana kum'mawa. Mudzi wonse unawaseka, ati amangira mayi awo ndende. Amayi ako sanawalankhule mpaka kukolola. Iwo osayankha munthu. Asanakumbe n'komwe maziko, ankalawirira mbandakucha ndi chingwe, zikhomo ndi khala, n'kumalemba pamene mthunzi wafika. Dzuwa likakwera, kulembanso. Munthu woti sukulu analekera kupulaimale, umisiri anaphunzira ponyamulira ena njerwa. Ndiye agogo maso atayamba kuvuta, ankayala mkeka pati? Pomwe paja kuwala kumagwera m'mawa. Nyemba ankasankhira pamenepo, ulusi ankalowetsera m'singano pamenepo, mpaka... eee, mpaka kumapeto. Ndipo amene ankagwira mbali ina ya chingwe chija ndani? Iweyo, mamina ali chuchuchu, osafuna kupatsako wina aliyense.

Ndimati chiyani? Eya, Chichu, nyumba yoonetsera zaluso pachilumbapo. Imeneyo ndiye nyumba yofunika uione. Anaimanga Tadao Ando... ayi, anajambula pulani, kumanga anamanga ena, usandikonze. Inatsegulidwa mu 2004, ndipo pafupifupi yonse ili pansi pa nthaka kuti phiri lisaonongeke maonekedwe. Makoma ndi konkire yekha, wosapaka penti, timabowo ta zomangira matabwa tikuonekera m'mizere yake, koma kusalala kwake mpaka ufuna kusisita. M'chipinda cha zithunzi za Claude Monet, wojambula wa ku France, zisanu za maluwa a pamadzi, umavula nsapato n'kuvala masilipasi. Pansi anayala timiyala toyera ting'onoting'ono. Kuwala kumachokera kumwamba, kwa dzuwa lenileni, moti mtambo ukadutsa, mitundu ya pazithunzi imasintha ukuona. Ine nditaima mmenemo ndinangoganiza za kazenera ka agogo, misozi pang'ono kutuluka. Foni salola kujambulira, ndiye sindinathe kukutumizira.

Ku Honmura, mudzi wakale wa pachilumbapo, kuli ina yotchedwa Minamidera, pulani ya Ando yemweyo koma za mkati ndi za James Turrell, katswiri wa zaluso za kuwala. Umalowa mumdima wa ndiweyani, ukupapasa khoma, n'kukhala pabenchi kudikira mpaka maso ayambe okha kuona. Iwe woopa mdima uja, kaya.

Ndipo Ando ameneyo, mvetsera, ndi wa ku Osaka komweko. Anali wankhonya. Za mapulani a nyumba sanaphunzire kuyunivesite, anadziphunzitsa yekha powerenga ndi poyenda kuona nyumba za ena, mpaka mu 1995 analandira mphoto ya Pritzker, yaikulu ya ojambula mapulani a nyumba.

Ndiye chimene ukufunsa iwe n'choti, kodi nthawi yojambula nyumba inakutherera? Sinathe. Upite, ndipo utenge kope lako la mapulani lija, ndikudziwa sunalitaye.

Azakhali, ngati mukumvera, sindinanene kuti asiye ntchito ayi. Ntchito agwire. Ndikungoti ayambirenso kujambula, dzanja lija lisafe.

Zina zing'onozing'ono: Lolemba malo ambiri amatseka, tikiti ya ku Chichu ugulire pa intaneti masiku akadalipo chifukwa amalowetsa potsata nthawi, ndipo padoko ubwereke njinga ya batire, kuli zitunda. Ugone komweko usiku umodzi ngati thumba lilola. Masiku ako unditumizire kumbali, ndione ngati ndingapemphe tchuthi. Koma ukafika wopanda kope ndi pensulo, msuweni, ndikubweza pa Uno pomwepo.