Akakukuwizani pa msika, zimitsani kaye chimkuzamawu

Achimwene, zimene zinakuchitikirani pa Nchalo, zoti munthu anakutukwanani n'kufuna kukulandani maiki mukulalikira, zikadzachitikanso musabwezere. Zimitsani chimkuzamawu, mumufunse mwaulemu chimene chamuwawa. Akapitiriza kulusa, chokanipo. Kuchoka si mantha ayi. Ambuye Yesu anauza ophunzira ake kuti akakanidwa asanse fumbi kumapazi n'kupita kwina.

Ine ndinaphunzira izi pa Bangula mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Mayi wina wogulitsa nsomba anandikalipira koopsa, ine n'kumati ndi Satana akulimbana ndi Mawu. Nditamumvetsera ndinazindikira kuti sipika yanga inali pafupi ndi benchi lake, samamvana ndi makasitomala, nsombazo zikuwonongeka ndi kutentha. Ndinapepesa n'kusuntha. Kuyambira pamenepo ndimayamba ndaonana ndi mkulu wa msika, ndipo sindipita ndekha, timakhala awiri kapena atatu.

Chinanso, kuno ku chigwa cha Shire anthu ambiri amalemekeza Mbona, mzimu wa makolo wopemphako mvula, ndi kachisi wake wa ku Khulubvi, ndipo m'misika muli abale athu Asilamu. Lalikirani Khristu, osanyoza chipembedzo cha wina pa maiki. Zimandiwawa kuona mlaliki akuputa yekha mkangano kenako n'kumati akuzunzidwa. Woledzera musatsutsane naye konse.

Koma akakumenyani, kukuwopsezani ndi chida kapena kukutsatirani kunyumba, kaneneni kupolisi tsiku lomwelo, ndipo ngati mwavulala pitani kuchipatala. Abusa anu muwauzenso, akuthandizeni kuona ngati n'koyenera kubwereranso pamalopo.